Mafunso ndi mayankho: Zizindikiro za m'zithunzi za amayi za m'zaka za m'ma 1800

Munthu akaima kutsogolo kwa chithunzi chopenta cha mayi wa ku Britain, France kapena America cha m'zaka za m'ma 1800, choyamba chimene amaona ndi kukongola kwa diresi ndi kusalala kwa nkhope. Koma anthu a nthawiyo ankaona zambiri kuposa pamenepo, chifukwa duwa la m'manja, tsitsi, mphete, ngakhale kanyama kogona pansi pa tebulo, zonse zinkawauza ngati mayiyo anali woyenera kumupatsa ulemu kapena ayi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri akayamba kuphunzira za zithunzizi.

Kodi zinthu zooneka m'zithunzizi zinkaikidwa mwadala, kapena zinkangopezekapo?

Zambiri zinkaikidwa mwadala, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chithunzi chopenta sichinali chinthu cha mphindi imodzi ngati cha pafoni. Mayi ankabwera kwa wojambula maulendo ambiri, kukhala pampando maola angapo osagwedezeka, ndipo diresi, mikanda ndi kakhalidwe ka manja ankayamba akambirana kaye. Katswiri wa ku France, Jean-Auguste-Dominique Ingres, anapemphedwa mu 1844 kuti ajambule Madame Moitessier, mkazi wa munthu wina wolemera wa ku Paris, koma chithunzi chimene mayiyo wakhala pampando, chomwe lero chili ku National Gallery ku London, chinatha mu 1856. M'zaka 12 zimenezo diresi inasinthidwa kuti igwirizane ndi fashoni yatsopano, ndipo mwana wake wamkazi amene poyamba ankayenera kukhala pambali pake anachotsedwamo. Pa ntchito yotenga nthawi chonchi, palibe chibangili chimene chimalowa mwangozi.

Mfundo imene tisaiwale ndi yakuti kawirikawiri wolipira anali mwamuna wake kapena bambo ake. Chithunzicho chinkakolekedwa m'chipinda cholandirira alendo kuti aliyense wolowa aone ulemerero wa banjalo. Choncho zizindikirozo zimatiuza kwambiri zimene banja ndi anthu ankafuna kuti mayiyo akhale, osati kwenikweni mmene iye mwini analili.

Nanga anthu a nthawiyo ankafuna mkazi wotani?

M'mabanja opeza bwino, maganizo ofala anali akuti dziko lili ndi mbali ziwiri: mwamuna apite ku malonda, ku ndale ndi kunkhondo, pamene mkazi akhale pakhomo, akhale wofatsa, wodzisunga, wopemphera ndi wogonjera. Mu 1854 mlakatuli Coventry Patmore anayamba kutulutsa ndakatulo yaitali yotchedwa The Angel in the House, kutanthauza mngelo wa m'nyumba, ndipo dzinali linasanduka chizindikiro cha maganizo onsewo. Mu 1863 George Elgar Hicks anajambula zithunzi zitatu za mayi mmodzi: m'choyamba akutsogolera mwana, m'chachiwiri akutonthoza mwamuna wake amene walandira uthenga woipa, ndipo m'chachitatu akudwazika bambo ake okalamba. Moyo wake wonse wagawidwa potengera amene akumutumikira, ndipo palibe chithunzi chachinayi chomuonetsa ali yekha pa zofuna zake.

Izi sizinali nkhani za m'ndakatulo zokha, koma zinali ndi mphamvu ya lamulo. Malamulo a Napoleon a mu 1804 ku France ananena mosabisa kuti mwamuna ayenera kuteteza mkazi wake ndipo mkazi ayenera kumvera mwamuna wake. Ku England, katundu ndi malipiro a mkazi wokwatiwa zinkakhala m'manja mwa mwamuna, mpaka lamulo la mu 1870 linamulola kusunga ndalama zimene wagwirira ntchito, ndipo la mu 1882 linamulola kukhala ndi katundu m'dzina lake. Ndiye mukaona mayi wa m'ma 1850 atadzaza ndolo ndi mikanda yamtengo wapatali, dziwani kuti akuonetsa chuma cha banja chimene iye analibe ulamuliro weniweni pa icho.

N'chifukwa chiyani atsikana ambiri anajambulidwa atavala zoyera?

Mtundu woyera unkaimira unamwali ndi mtima wosadetsedwa, komanso unkaonetsa kuti pakhomopo pali antchito ochapa, popeza m'mizinda yodzaza utsi wa malasha nsalu yoyera sinkachedwa kuda. Mfumukazi Victoria ya ku Britain itakwatiwa ndi Albert pa 10 February 1840 inavala diresi yoyera ndi nkhata ya maluwa a malalanje kumutu. Siinali yoyamba kuvala zoyera paukwati, koma zithunzi za tsikulo zinafalikira kwambiri moti mwambowo unakhazikika, kenako unayenda ndi amishonale mpaka kumadera akutali. Diresi yoyera ndi velo zimene timaziona m'matchalitchi a kwathu Loweruka lililonse zinadzera njira imeneyo.

Koma ojambula ena ankasewera ndi chizindikirochi. Mu 1862 James McNeill Whistler anajambula Joanna Hiffernan, mtsikana wa ku Ireland amene anali chibwenzi chake, atavala zoyera, ataima kutsogolo kwa katani yoyera, atagwira duwa loyera la kakombo. Komabe tsitsi lake lofiira n'lomasula, maluwa ena agwera pansi, ndipo waponda chikopa cha chilombo chimene mutu wake wayang'ana woonerayo kukamwa kuli yasa. Chithunzichi chinakanidwa ku Royal Academy, bungwe lalikulu la ojambula ku London, ndipo mu 1863 chinakaonetsedwa ku Paris pa chionetsero cha zithunzi zokanidwa. Owonera anatsutsana ngati ameneyu anali namwali, mkwatibwi wa mmawa wotsatira ukwati, kapena mzukwa, pamene Whistler ankalimbikira kunena kuti ndi mtsikana wovala zoyera basi.

Kodi duwa lililonse linali ndi tanthauzo lake?

Mabuku ofotokoza chinenero cha maluwa anali otchuka kwambiri, kuyambira ndi lina limene linatuluka ku Paris mu 1819 mpaka la Kate Greenaway la mu 1884. Kakombo woyera ankaimira chiyero, rozi chikondi, kaduwa kofiirira kotchedwa violet kudzichepetsa ndi kukhulupirika, ndipo duwa la poppy tulo kapena imfa. Vuto ndi lakuti mabukuwo sankagwirizana pa maluwa ambiri, choncho ndi bwino kudalira matanthauzo ochepa odziwika bwinowa kusiyana ndi kumasulira tsamba lililonse.

Kodi tsitsi lomasula linali ndi vuto lanji?

Mtsikana akakula ankayamba kumanga tsitsi lake m'mwamba, ndipo kuyambira pamenepo mkazi wolemekezeka sankaonekera kwa alendo tsitsi lili lomasula. Linali la kuchipinda, loonedwa ndi mwamuna wake ndi wantchito womupesa. Chitsanzo chabwino chikuchokera kwa mfumukazi yeniyeniyo. Mu 1843 Victoria anauza Franz Xaver Winterhalter kuti amujambule atatsamira khushoni yofiira, mapewa ali pamtunda, tsitsi litagwera paphewa, maso akuyang'ana kumbali. Chinali mphatso ya tsiku lobadwa la Albert, ndipo iye anachikoleka m'chipinda chake cholemberamo ku Windsor, kutali ndi maso a anthu. Patatha zaka zitatu, wojambula yemweyo anajambula chithunzi cha banja lachifumu choti dziko lonse lione: mfumukazi itakhala mowongoka, tsitsi lomangidwa bwino, mwamuna wake pambali, ana asanu atawazungulira. Mayi ndi mmodzi, wojambula ndi mmodzi, koma chosiyana ndi amene akuloledwa kuona.

N'chifukwa chiyani manja awo amaoneka osagwira ntchito ndipo ziuno n'zazing'ono chonchi?

Manja oyera ofewa ndi khungu losapsa ndi dzuwa zinkalengeza kuti mwamuna wa mayiyu ali ndi ndalama zokwanira moti mkazi wake sagwira ntchito yolemetsa. Ngati m'manjamo muli kanthu, kamakhala chokupizira mphepo, kabuku, magolovesi kapena kansalu kopeta, zomwe ndi ntchito zosatulutsa thukuta komanso zosabweretsa malipiro. Chiuno chinkafinyidwa ndi corset, chovala cham'kati cholimbitsidwa ndi timizere ta m'kamwa mwa namgumi kapena ta chitsulo, chomangidwa ndi zingwe kumsana. Kuyambira mu 1856 kunabwera crinoline ya mikombero yachitsulo imene inkatambasula siketi ngati dengu lovundikira, ndipo amayi ena anafa ndi moto siketi zotere zitakhudza mbaula.

Amayi ambiri a nthawiyo sanali otere ayi. Ankagwira ntchito m'mafakitale a nsalu, m'minda ndi m'nyumba za eni ake, ndipo diresi yokongola ya m'chithunzi inasokedwa ndi mayi wina wolandira ndalama zochepa. Richard Redgrave anajambula amayi oterowo m'ma 1840, wosoka zovala usiku ndi nyali yofooka komanso mphunzitsi wa ana a m'nyumba ya olemera atakhala yekha ndi kalata m'manja, koma ngakhale iye anawaonetsa ngati anthu ongomvetsa chisoni, opirira mwakachetechete maso ali pansi kapena kumwamba.

Kodi mkazi amene anaphwanya malamulo a chikhalidwe ankaonetsedwa bwanji?

Apa ndi pamene zizindikiro zinachuluka kwambiri, chifukwa wojambula sakanatha kunena nkhani ya chigololo poyera pamaso pa mabanja obwera ku chionetsero. Zithunzi zimenezi si za anthu enieni odziwika, koma zimatithandiza kumvetsa zimene zithunzi za amayi olemekezeka zinkapewa.

Mu 1853 William Holman Hunt anajambula The Awakening Conscience, kutanthauza kudzidzimuka kwa chikumbumtima. Mtsikana akudzuka pamiyendo ya mwamuna amene akuimba piyano. Zala zake zili ndi mphete, kupatula chala cha mphete ya ukwati, ndipo manja ake aikidwa pakati penipeni pa chithunzi kuti musaphonye zimenezo. Pansi pa tebulo mphaka akuseweretsa kambalame kothyoka phiko, pakapeti pali golovesi lotayidwa losonyeza mmene mwamunayo adzamutayire akadzatopa naye, ndipo pakona pali ulusi wopiringizana. Mipando yonse ndi yatsopano yonyezimira, monga mmene imakhalira nyumba yochitira lendi chibwenzi chamseri, yopanda chinthu chakale cha makolo. Pagalasi la kumbuyo kwake mukuoneka zenera lotsegula ndi mitengo yowala, kumene iye akuyang'ana. Owonera ena sanamvetse nkhaniyo, moti John Ruskin, wolemba wotchuka pa nkhani za zojambula, analembera nyuzipepala ya The Times kuifotokoza, ndipo amene anagula chithunzicho anapempha Hunt kuti afewetse nkhope ya mtsikanayo chifukwa ululu wake unali wovuta kuupirira tsiku ndi tsiku.

Augustus Egg anaonetsa zithunzi zitatu zotchedwa Past and Present mu 1858. M'choyamba mwamuna wakhala pampando ndi kalata imene yaulula chibwenzi cha mkazi wake, mkaziyo wadzigwetsa chafufumimba pamapazi ake, ana awiri aakazi akumanga kanyumba ka makadi kamene kayamba kugwa, ndipo apozi wadulidwa pakati, theka lina lagwera pansi pafupi ndi mayiyo, kukumbutsa za Hava. M'chomaliza mayiyo ali pansi pa zipilala pafupi ndi mtsinje wa Thames, wopanda pokhala, timiyendo ta mwana tikutulukira m'nsalu yake. Chaka chimodzi m'mbuyomo, lamulo la chisudzulo la mu 1857 linalola mwamuna kusudzula mkazi chifukwa cha chigololo chokha, pamene mkazi ankayenera kuonetsa chigololo cha mwamuna kuphatikizapo cholakwa china monga nkhanza kapena kumuthawa. Zithunzi zoonetsa mwamuna wachigololo akugona pansi pa mlatho n'zosowa, ndipo kusowa kwakeko kukufanana ndi lamulolo.

N'chiyani chinakwiyitsa anthu pa chithunzi cha Madame X?

Mayi wa m'chithunzichi ndi Virginie Gautreau, wobadwira ku New Orleans, mkazi wa mwini banki wa ku Paris. Iye sanaitanitse chithunzichi: John Singer Sargent, yemwe anali ndi zaka 28 pamene chinaonetsedwa, ndi amene anamupempha, poganiza kuti chimutchukitsa. Pa chionetsero chachikulu cha ku Paris chotchedwa Salon cha mu 1884 anthu anaona mayi wovala diresi yakuda yothina yotsegula kwambiri pachifuwa, khungu loyera mopitirira chifukwa cha paudala, khutu lofiira, nkhope itatembenukira kumbali ngati sakusamala za aliyense, ndipo kalamba kamodzi ka diresi katatsetsereka kuchoka paphewa.

M'zipinda zomwezo munali zithunzi za akazi amaliseche zimene palibe anadandaula nazo, chifukwa ankati ndi milungu yachikazi ya Agiriki, yopanda dzina la banja ndi adiresi. Koma uyu anali mkazi wa mwini wake, ndipo Paris yense ankamudziwa ngakhale dzina lake linabisidwa. Chithunzicho chinalibe mwana, duwa, kapena manyazi alionse omutchinjiriza. Chinaonetsa mayi wapabanja amene akudziwa kuti ndi wokongola ndipo akufuna kuti anthu amuone. Mayi ake a Virginie anapita kwa Sargent kukamuchonderera kuti achichotse pa chionetsero, koma iye anakana. Pambuyo pake anajambulanso kalambako n'kukabwezera paphewa, anasamukira ku London, ndipo anasunga chithunzicho mpaka mu 1916 pamene anachigulitsa ku Metropolitan Museum ku New York, atapempha kuti dzina la mayiyo lisalembedwepo. Amene amachiona lero amaona malamba onse ali m'malo mwake, ndipo ambiri amadabwa kuti phokoso lonselo linali la chiyani.

Nanga zovala zakuda?

Kawirikawiri zinali za maliro. Mkazi wamasiye wa m'banja lopeza bwino ku Britain ankayembekezeka kuvala zachisoni kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndi mikanda yakuda ya mwala wa ku tauni ya Whitby ku England, pamene mwamuna wamasiye ankamasuka msanga. Albert atamwalira mu 1861, Victoria anavala zakuda pafupifupi zaka 40 mpaka imfa yake mu 1901.

Kodi amayi akuda amapezeka m'zithunzizi?

Amapezeka, ngakhale kwa nthawi yaitali mayina awo sankatchulidwa. Mu 1800 Marie-Guillemine Benoist anaonetsa chithunzi cha mayi wakuda atakhala pampando mmene ankakhalira amayi olemera, atavala duku loyera, akuyang'ana woonera m'maso, koma bere limodzi lili pamtunda, zimene sizikanachitika kwa mkazi wa munthu wolemekezeka. Chinajambulidwa pakati pa 1794, pamene France inathetsa ukapolo, ndi 1802, pamene Napoleon anaubwezeretsa. Kwa zaka zoposa 200 chinkatchulidwa ndi mtundu wa khungu lake lokha, mpaka mu 2019 pamene chinaonetsedwa ndi dzina lake, Madeleine. Chimodzimodzi, m'chithunzi chotchedwa Olympia cha Édouard Manet cha mu 1863, anthu ankakangana za mkazi woyera wogona pabedi ndi mphaka wakuda wa kumapazi kwake, koma ochepa okha anafunsa za mayi wonyamula maluwa, amene dzina lake linali Laure.

Kubwera kwa kamera mu 1839, makamaka timakhadi ta zithunzi totsika mtengo ta m'ma 1860, kunapatsa amayi ena mpata wosankha okha maonekedwe awo. Sarah Forbes Bonetta, Myoruba amene anatengedwa ali mwana kuchokera ku Dahomey (lero ndi m'dziko la Benin) kupita ku England mu 1850 ndipo Victoria ankamusamalira, anajambulidwa ndi Camille Silvy ku London mu 1862, chaka cha ukwati wake, atavala ngati mayi aliyense wolemekezeka wa mumzindawo. Ku America, Sojourner Truth, amene anabadwira mu ukapolo, anajambulitsa mu 1864 atakhala pambali pa tebulo la maluwa ndi buku, atafunda shawelo yoyera, zolukira zili m'manja. Anatenga zizindikiro zomwe zija za mayi wapakhomo wolemekezeka, zimene akapolo ankamanidwa, n'kuzivala mwadala, ndipo ankagulitsa timakhadito pamisonkhano yake kuti apeze ndalama zoyendetsera ntchito yake. Pansi pake analembetsa mawu otanthauza kuti akugulitsa mthunzi kuti asamalire mwini mthunziwo. M'Chichewa mawuwa amamveka bwino kwambiri, popeza chithunzi ndi mthunzi n'zapachibale.

Kodi amayi ojambula ankaonetsa anzawo mosiyana ndi amuna?

Ena inde, koma choyamba ankayenera kulimbana kuti aphunzire ntchitoyo. Sukulu ya Royal Academy inalandira mkazi woyamba, Laura Herford, mu 1860, atatumiza zojambula zake ndi chilembo choyamba chokha cha dzina lake, ndipo sukulu ya zojambula ya École des Beaux-Arts ya ku Paris inadikira mpaka 1897. Emily Mary Osborn anajambula vutoli mu 1857: mtsikana wovala zamaliro waima m'sitolo kufuna kugulitsa chithunzi chake, mwini sitolo akuchiyang'ana mokayikira, palibe womupatsa mpando, ndipo amuna awiri kumbuyo asiya zimene ankaona n'kuyamba kumuyang'anitsitsa.

Berthe Morisot anajambula mchemwali wake Edma mu 1872 atakhala pambali pa kabedi ka khanda, dzanja lili patsaya. Ambiri amachiona ngati chithunzi cha chikondi cha mayi, ndipo n'zoona, koma Edma nayenso anali wojambula waluso amene anasiya ntchitoyo atakwatiwa mu 1869, ndipo munthu akadziwa zimenezi nkhope yoganizirayo imaoneka mwina. Mary Cassatt, mu 1878, anajambula mayi wovala zakuda m'nyumba ya zisudzo ataika magalasi oonera patali m'maso, akuyang'ana mwachidwi, pamene chapatali mwamuna wina walozetsa magalasi ake kwa iyeyo. Rosa Bonheur, katswiri wojambula nyama, ankatenga chilolezo kupolisi ya Paris kuti azivala thalauza popita kumisika ya mahatchi ndi kophera ng'ombe. Édouard Dubufe atamujambula mu 1857, m'malo mwa tebulo kapena maluwa mkono wake watsamira pa ng'ombe yamphongo, imene Bonheur anaijambula yekha.

Kodi n'zotheka kumasulira zizindikiro mopitirira muyeso?

N'zotheka, ndipo zimachitika kawirikawiri. Njira yabwino ndi kufunsa kaye amene analipira chithunzicho, kumene chinakolekedwa, ndi zimene anthu a nthawiyo analemba atachiona, kenako n'kuona ngati zizindikiro zingapo zikuloza mbali imodzi. Mphaka ndi kambalame za Hunt zili ndi tanthauzo chifukwa chala chopanda mphete ndi golovesi zikuchitira umboni womwewo. Komanso munthu azisiyanitsa chithunzi ndi moyo: Ingres anajambula Louise de Broglie, Comtesse d'Haussonville, mu 1845 ataima mwakachetechete chala chili pachibwano, koma mayiyu anadzakhala mlembi wa mabuku angapo a mbiri ya anthu, ndipo Victorine Meurent, amene ambiri amangomudziwa ngati mkazi wogona pabedi mu Olympia, anali wojambula amene ntchito yake inalandiridwa ku Salon mu 1876, chaka chimene zithunzi za Manet zinakanidwa.

Galu ndiye amasocheretsa anthu kwambiri. N'zoona kuti kuyambira kale galu wogona pamapazi a mayi ankaimira kukhulupirika m'banja, koma amayi ambiri ankangofuna kujambulidwa ndi galu wawo. Victoria asanakwatiwe anali ndi kagalu kotchedwa Dash, kamene Edwin Landseer anakajambula, ndipo katafa mu 1840 anakaika m'manda ku Windsor n'kuikapo mwala wolembedwa dzina lake.